Dzina la fayilo silikuuzani zomwe zili mkati mwake

Miyezi ingapo yapitayi ndinali ndi ntchito yokonza buku la malangizo a chipangizo china, ndipo m'bukumo munayenera kulowa zojambula 64, zimene zambiri mwa izo ndinazijambula ndekha m'pulogalamu yojambulira ya Inkscape n'kuzisunga ngati mafayilo a SVG. Bukulo linkayalidwa ndi LaTeX, pulogalamu yoyalira masamba a mabuku, choncho chojambula chilichonse chinkafunika chikhale cha PDF. Osindikiza nawo anapempha kuti zina mwa izo ndiwatumizire ngati EPS, pomwe mnzanga amene ankalemba mawu oyamba mu Word ankafuna zoti angathe kuziika m'chikalata chake popanda kuzichititsa chimbuuzi. Nditawerengera ndinaona kuti ndikatsata njira yotsegula chojambula chilichonse pachokha, kusankha mtundu wa fayilo ndi kuchisunga, ndidzachita zimenezi mwina mpaka ka 192, ndipo ndidzazibwerezanso nthawi iliyonse imene wina wapeza cholakwika pa muvi umodzi kapena pa chilembo chimodzi. Apa m'pamene ndinatsegula terminal, windo imene munthu amalembamo malamulo ouza kompyuta zochita.

Lamulo loyamba limene linandibwerera m'mutu ndi la ImageMagick, chifukwa ndi limene ndakhala ndikuchepetsera zithunzi kwa zaka zambiri. Ndinalemba `convert chojambula-01.svg chojambula-01.pdf`, ndipo linagwira ntchito mwakachetechete, osadandaula chilichonse. Fayilo ya PDF inatuluka, ndinaitsegula, ndipo pa sikirini inkaoneka bwinobwino. Ndinakhutira mwamsanga, mwina chifukwa ndinkafuna kukhutira. Tsiku lotsatira, pofuna kuona ngati nambala ina yaing'ono inali yolondola, ndinakulitsa tsambalo kasanu ndi katatu, ndipo mzere umene ndinaujambula wosalala unali utasanduka makwerero a timabokosi, pomwe zilembo zinali zitachita chimbuuzi m'mphepete ngati zanyowa.

Cholakwa chinali changa, osati cha pulogalamuyo. Chojambula cha vector, monga cha SVG, sichisunga maonekedwe a chinthu, koma chimasunga malangizo a kajambulidwe kake: yambira pa malo akuti, koka mzere wokhota mpaka pa malo akuti, ukhale wonenepa mwakuti, ndipo mkati mwake upakemo mtundu wakuti. Ndiye chifukwa chake mungachikulitse mpaka kufika pa chikwangwani chachikulu koma m'mphepete mwake mumakhalabe mwakuthwa, popeza makina amangowerengeranso malangizowo pa msinkhu watsopano. ImageMagick inapangidwira zithunzi za timadontho, ndipo chilichonse chimene mwaipatsa imayamba yachisandutsa timadontho isanachite china. Choncho imene ndinkaitcha PDF ija inali envelopu chabe, ndipo mkati mwake munali chithunzi chimodzi chosalala, mopanda mzere ngakhale umodzi, mopandanso chilembo choti n'kuchisankha ndi mausi.

Umboni wake ndinaupeza ndi timapulogalamu tiwiri timene timabwera limodzi ndi Poppler, gulu la zida zogwiritsa ntchito pa mafayilo a PDF. Lamulo lakuti `pdfimages -list chojambula-01.pdf` limasonyeza zithunzi zonse za timadontho zimene zili mu PDF, m'lifupi ndi m'litali mwake, ndiponso kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse. Lakuti `pdffonts chojambula-01.pdf` limasonyeza mafonti amene ali m'fayiloyo. Pa fayilo yangayo loyamba linaonetsa chithunzi chimodzi chodzaza tsamba lonse, ndipo lachiwiri linaonetsa mitu ya mndandanda yokha, pansi pake popanda kanthu, ngakhale kuti chojambulacho chinali ndi mawu oposa makumi awiri. Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupiriranso kuti ntchito yatheka chifukwa chakuti lamulo latha popanda uthenga wa vuto, ndipo zonse zimene ndilembe m'munsimu zatuluka m'chizolowezi chimenechi choyang'ana kaye mkati.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake zinthu zimasokonekera posintha, ayenera kudziwa kuti mitundu ya mafayilo imeneyi sinabadwe nthawi imodzi ndipo sinapangidwire ntchito imodzi. PostScript inatulutsidwa ndi Adobe mu 1984, ndipo kwenikweni ndi chinenero cha mapulogalamu chimene makina osindikizira amachiwerenga n'kuchitsatira. EPS ndi PostScript yomweyo koma ya tsamba limodzi, yokhala ndi mzere wonena malire a chojambula kuti chithe kuikidwa m'chikalata china. PDF inabwera mu 1993, inatenga kajambulidwe ka PostScript n'kusiya mbali ya mapulogalamu, ndipo mu 2008 inakhala muyezo wa ISO. SVG ndiyo yaing'ono pa onsewa: bungwe la W3C linaivomereza mu 2001, ndipo inalembedwa mu XML poganizira masamba a pa intaneti, osati pepala. Chilichonse mwa zinayi chili ndi zimene chimatha kunena ndi zimene sichingathe. PDF inaphunzira kuonetsa zinthu zoonekera mkati ngati galasi pa mtundu wake wa 1.4, mu 2001, pomwe PostScript sinaphunzire zimenezi mpaka lero. SVG imadziwa mithunzi yofewa ndi kuzimiririka kwa m'mphepete, zimene PDF ilibe mawu ozinenera. Pulogalamu yosintha mafayilo ikakumana ndi chinthu chimene mtundu watsopanowo sungathe kuchinena, imasankha chimodzi mwa ziwiri, kuchitaya kapena kuchisandutsa timadontho, ndipo nthawi zambiri sikufunsani.

Chida choyenera pa zojambula zanga chinali Inkscape yomweyo, imene imathanso kugwira ntchito popanda kutsegula windo. Lamulo lake ndi ili:

`inkscape chojambula-01.svg --export-type=pdf --export-filename=chojambula-01.pdf`

Amene akufufuza malangizo akale achenjere pano. Inkscape 1.0 itatuluka mu 2020, kalembedwe ka malamulo ake kanasintha kwambiri. Kale tinkalemba `-z` kuti windo isatseguke ndi `--export-pdf=` kapena `-A` potchula fayilo yotuluka, ndipo malangizo ambiri amene anthu amakopana mpaka pano akadali a kalembedwe kameneko. Ineyo ndinali ndi kafayilo ka malamulo kamene ndinakalemba zaka za m'mbuyomo, ndipo ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndikukayikira zojambula zanga, pomwe vuto linali lakuti kafayiloko kankalankhula chinenero chimene pulogalamuyo inasiya. Kulemba `inkscape --version` musanayambe kumakupulumutsani ku zonsezi.

PDF yoyamba yotuluka mwa njira imeneyi inali ya vector yeniyeni, koma nditaiika m'buku chojambulacho chinaoneka chaching'ono pakati pa malo aakulu opanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti potulutsa PDF, Inkscape imatenga tsamba lonse limene munajambulapo, ndipo ine ndinali nditajambula kachipangizo kakang'ono pakona ya tsamba la A4. Kuwonjezera `--export-area-drawing` kumaiuza kuti idule molingana ndi malire a zimene zajambulidwa. Potulutsa EPS imachita zimenezi yokha, ndipo kusiyana kumeneku kungakusokonezeni ngati mukuyerekeza mafayilo awiri ochokera ku chojambula chimodzi. Ngati PDF munaipanga kale, `pdfcrop` ya mu TeX Live imadula malo opanda kanthuwo. Chenjezo limodzi lokha: kanthu kalikonse kotayika kutali ndi chojambula, ngakhale kadontho koyera kamene simukukaona, kamawerengedwa ngati mbali ya chojambulacho, ndipo malire amatambasuka mpaka kukafika pamene kali.

Nkhani ya miyezo ndi imene inandidya mutu kwambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. PostScript ndi PDF zimayeza ndi mapointi, ndipo mapointi 72 amapanga inchi imodzi, choncho tsamba la A4 ndi mapointi pafupifupi 595 m'lifupi ndi 842 m'litali. SVG imatsatira CSS, mmene mapikseli 96 ndiwo amapanga inchi imodzi. Motero chojambula cha mapikseli 960 m'lifupi chimatuluka ngati mapointi 720, ndipo `pdfinfo` ikakuonetsani nambala imeneyi musaganize kuti china chake chafupika. Koma pali msampha wina wakale. Inkscape isanafike pa mtundu wa 0.92, umene unatuluka mu 2017, inkawerengera mapikseli 90 pa inchi. Chojambula chimene munachipanga nthawi imeneyo cha mapikseli 900, mukuganiza kuti ndi mainchesi 10, lero chimawerengedwa ngati mainchesi 9.375. Pa chithunzi chokongoletsera tsamba palibe amene angazindikire, koma zojambula zanga zitatu zinali ndi kamzere kosonyeza muyezo weniweni kamene wowerenga amayenera kuikapo rula, ndipo zitatuzo ndinazitenga m'ntchito yakale. Mukatsegula fayilo yotere pa windo, Inkscape imakufunsani chochita, koma pa terminal palibe amene amakuimitsani. Ndinazikonza polemba m'lifupi ndi m'litali mwa SVG mu mamilimita, pamodzi ndi `viewBox` (mbali ya SVG yonena miyezo ya mkati mwa chojambula) yogwirizana nazo, ndipo tsopano ndimachita chimodzimodzi pa chojambula chilichonse chimene chidzapite pa pepala, chifukwa milimita imatanthauza chinthu chimodzi kwa pulogalamu iliyonse.

Tsopano ndifike pa zilembo, pamene ndikuona kuti pali zambiri zoti munthu aziganizire. Fayilo ya SVG nthawi zambiri siinyamula fonti, imangotchula dzina lake. Pulogalamu yosintha imafunafuna fonti ya dzinalo pa kompyuta imene ikugwirirapo ntchito, ndipo ikaisowa, pa Linux pulogalamu yoyang'anira mafonti yotchedwa fontconfig imaipatsa ina imene ikuiona kuti ikufananako, popanda kunena. Zimenezi zinandichitikira nditasamutsira ntchitoyi pa seva imene inalibe mafonti a pa kompyuta yanga. Mafayilo onse 64 anatuluka, koma mawu amene ndinawayeza bwino kuti akwane m'timabokosi anali atasefukira kunja, chifukwa fonti yolowa m'malo inali yotambalala. Lamulo lakuti `fc-match "Dzina La Fonti"` limakuuzani fonti imene makinawo apereke mukapempha dzina limenelo, ndipo yankho likakhala losiyana ndi limene mwapempha, mwadziwiratu vuto lisanafike pa tsamba. Palinso vuto laling'ono la mtundu womwewu: fonti ingakhalepo koma ilibe chilembo china. Chilembo cha ŵ ndi chitsanzo chabwino, popeza si fonti iliyonse imene ili nacho, ndipo chikasowa, pulogalamu imakabwereka chilembo chimodzicho ku fonti ina, mwakuti m'mawu amodzi mumakhala chilembo chimodzi chooneka chachilendo, ndipo `pdffonts` imaonetsa fonti yachiwiri imene inu simunaisankhe.

Pa mndandanda umene `pdffonts` imatulutsa, ine ndimayang'ana kwambiri pansi pa mutu wakuti `emb`, umene umanena ngati fontiyo yalowetsedwa m'fayilo. Pakalembedwa `no`, ndiye kuti wolandira fayiloyo adzaiona bwino pokhapokha ngati nayenso ali ndi fonti yomweyo, ndipo osindikiza ambiri amabweza fayilo yotere.

Njira imene anthu ambiri amathawirako ndi kusandutsa zilembo zonse kukhala mizere, ndipo mu Inkscape zimatheka ndi `--export-text-to-path`. Mukatero chilembo chilichonse chimakhala chojambula, fonti siifunikanso, ndipo fayiloyo imaoneka chimodzimodzi kulikonse. Ngati muli ndi PDF yokha, Ghostscript, pulogalamu yowerenga PostScript ndi PDF, imachita zofananazo ndi `gs -o yatsopano.pdf -sDEVICE=pdfwrite -dNoOutputFonts yakale.pdf`. Komabe ine sindikugwirizana ndi amene amati muzichita zimenezi nthawi zonse. Mawu osandutsidwa mizere sangafufuzidwe, sangakopedwe, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona imangowadumpha ngati palibe kanthu. M'buku la malangizo, mmene munthu amafufuza nambala ya kachipangizo kuti apeze chojambula chake, kutaya zimenezi ndi kutaya zambiri. Ndinagamula kuti mafayilo a EPS opita kwa osindikiza akhale ndi zilembo zosandutsidwa mizere, popeza kumeneko chofunika ndi maonekedwe okha, koma ma PDF olowa m'buku asunge mawu awo ngati mawu. Kumbukiraninso kuti kusandutsako kumachitika ndi fonti imene yapezeka pa nthawiyo, choncho mukakuchitira pa makina opanda fonti yoyenera, mwaumitsa cholakwikacho mpaka kalekale.

Kwa ogwiritsa ntchito LaTeX pali njira yachitatu imene ndimaikonda pa zojambula zokhala ndi masamu. Mukawonjezera `--export-latex`, Inkscape imatulutsa mafayilo awiri: PDF ya mizere yokha, ndi ina yothera ndi `.pdf_tex` imene ili ndi mawu onse ndi malo ake. LaTeX ndiyo imalemba mawuwo pamwamba pa chojambula ndi fonti ya bukulo, choncho zilembo za m'chojambula ndi za m'ndime zimafanana ndendende. Kuipa kwake n'kwakuti simungadziwe ngati mawu akwana pa malo ake mpaka mutayala buku lonse.

Pali mitundu iwiri ya mawu a mu SVG imene imasowa posintha, ndipo ndi bwino kuidziwa ndi mayina. Mitundu yakale ya Inkscape, mukakoka bokosi n'kulembamo mawu, inkasunga mawuwo mu `flowRoot`, chinthu chochokera m'mapulani a SVG 1.2 amene sanavomerezedwe, ndipo mapulogalamu ena amachidumpha kapena kujambula bokosi lakuda bii pa malo pake. Mapulogalamu ena ojambulira pa intaneti amaika mawu mu `foreignObject`, mmene muli HTML imene bulawuza yokha ndiyo imaimvetsa. Popeza SVG ndi mawu wamba, `grep -l "flowRoot\|foreignObject" *.svg` imakutchulirani mafayilo onse amene ali ndi zimenezi musanayambe n'komwe kusintha.

Za mithunzi ndi kuonekera mkati ndinaziphunzira pa mafayilo a EPS. Chojambula china chinali ndi bwalo lofiira loonekera mkati, loikidwa pamwamba pa mawaya posonyeza malo oopsa. Mu PDF chinatuluka bwinobwino, koma EPS yake inali yolemera kuposa anzake onse kuwaphatikiza. Inkscape imalemba PDF ndi PostScript kudzera mu pulogalamu ina yotchedwa Cairo, ndipo Cairo ikaona kuti PostScript singathe kunena za kuonekera mkati, imajambula dera lokhudzidwalo ngati chithunzi cha timadontho n'kulimata pamenepo. Mukhoza kukweza kuchuluka kwa timadonthoto ndi `--export-dpi=300` kapena kuposa, ndipo pa mithunzi yofewa, imene ngakhale mu PDF imasanduka timadontho, mukhoza kunena `--export-ignore-filters` kuti ingosiyidwa. Koma yankho limene linandikhutiritsa linali kubwerera ku chojambula chenichenicho n'kudzifunsa ngati kuonekera mkatiko kunali kofunika. Sikunali kofunika. Ndinatsitsira bwalolo pansi pa mawaya n'kulipaka mtundu wofiira wotuwa umene sukuonekera mkati, ndipo m'maso zinaoneka chimodzimodzi, pomwe EPS inabwerera kukhala mizere yokhayokha. Ambiri mwa ife timachepetsa mphamvu ya mtundu pofuna chabe kuti uwale pang'ono, osadziwa kuti tikupempha chinthu chimene mitundu ina ya mafayilo singachinyamule.

Inkscape si yokhayo. Pulogalamu ya `rsvg-convert`, yochokera ku librsvg ya GNOME, ndi yopepuka ndipo imathamanga kwambiri, ndipo lamulo lake ndi `rsvg-convert -f pdf -o chojambula-01.pdf chojambula-01.svg`. Mukaipatsa mafayilo angapo a SVG nthawi imodzi imawasonkhanitsa mu PDF imodzi ya masamba ambiri, zimene zinandithandiza pokonza kabuku koti anzanga aoneremo zojambula zonse. Palinso CairoSVG kwa amene akulemba mu Python. Maganizo anga ndi akuti SVG yoyera, monga yotuluka m'pulogalamu yojambula magirafu, iperekedwe kwa `rsvg-convert`, makamaka pa seva pamene simukufuna kuikapo pulogalamu yaikulu, koma chojambula chopangidwa mu Inkscape chisinthidwe ndi Inkscape, chifukwa ndiyo imadziwa zizolowezi zake.

Ulendo wobwerera, wochoka ku PDF kupita ku SVG, ndi wovutirapo, ndipo ndikufuna kunena mosabisa kuti umakhumudwitsa. Zojambula zisanu za m'bukulo ndinazilandira mkati mwa PDF yakale imene mafayilo ake oyambirira anatayika. Lamulo lakuti `pdftocairo -svg -f 12 -l 12 lakale.pdf tsamba12.svg` linatulutsa tsamba 12 ngati SVG yooneka ndendende ngati yoyambayo, ndipo `pdf2svg` kapena `mutool convert` ya MuPDF zimachitanso ntchito yomweyi. Koma nditatsegula fayiloyo kuti ndisinthe mawu amodzi, ndinapeza kuti mulibe mawu. Chilembo chilichonse chinasungidwa kamodzi ngati kachojambula n'kumaitanidwa ndi `use` paliponse pamene chikufunika. Magulu amene wojambula woyamba anaika, mayina a zigawo, mabwalo ndi mabokosi, zonse zinali zitasanduka mizere yopanda mayina, yambiri yokutidwa ndi `matrix` imene imatembenuza chojambula, popeza PDF imayamba kuwerenga kuchokera pakona ya pansi kumanzere kukwera m'mwamba pomwe SVG imayambira pamwamba kutsika pansi. Inkscape ikamatsegula PDF mwa njira yakeyake imayesetsa kusunga mawu ngati mawu, koma imadalira mafonti a pa kompyuta yanu, ndipo mukanena `--pdf-poppler` mumapeza maonekedwe okhulupirika koma zilembo zili mizere. Simungapeze zonse ziwiri mokwanira, chifukwa PDF inasunga maonekedwe a tsamba, osati maganizo a amene analijambula. Pa zojambula zisanuzo ndinasunga mizere, ndinafufuta zilembo zonse, n'kulembanso mawu ndi manja. Ndi chifukwa chake SVG yoyambirira ndimaisunga ngati gwero, ndipo PDF, EPS ndi ena onse ndimawaona ngati zotuluka zimene ndingazifufute n'kuzipanganso nthawi iliyonse.

Kuchoka ku EPS kupita ku PDF n'kosavuta kwenikweni, bola mukumbukire malire. Mukalemba `head chojambula.eps` mudzaona mzere woyamba ndi `%%BoundingBox:` wotsatiridwa ndi manambala anayi, amene ndi makona awiri a chojambulacho mu mapointi. Lamulo la `ps2pdf` la Ghostscript likasiyidwa lokha limaika chojambulacho pa tsamba lathunthu, kawirikawiri chapansi kumanzere, koma `ps2pdf -dEPSCrop chojambula.eps` limalemekeza malirewo, ndipo `epstopdf` imatero popanda kuuzidwa. Manambalawo akakhala olakwika, zomwe zimachitika ndi mafayilo akale, `gs -q -dBATCH -dNOPAUSE -sDEVICE=bbox chojambula.eps` imayeza malire enieni n'kukuuzani. Ndisaiwale kunena kuti popeza EPS ndi pulogalamu, kuitsegula ndi kuiyendetsa. Ghostscript inayamba kudziteteza yokha ndi `-dSAFER` popanda kuuzidwa kuyambira pa mtundu wa 9.50 mu 2019, ndipo Microsoft inatseka njira yoikira EPS m'zikalata za Office mu 2017 pa zifukwa za chitetezo.

Zimenezi ndizo zinachititsa kuti mnzanga wa Word uja ndisamupatse EPS. Mitundu yatsopano ya Word imalandira SVG mwachindunji, koma yake inali yakale, choncho ndinamupangira EMF, mtundu wa vector wa pa Windows, ndi `--export-type=emf`. Mizere ndi mitundu wamba zinadutsa bwino, ndipo pa zojambula ziwiri zokhala ndi mitundu yosinthasintha pang'onopang'ono ndinangomupatsa PNG ya timadontho tochuluka, popeza EMF sinazinyamule mokhulupirika. Chojambula chimodzi chinali cha LibreOffice Draw, ndipo `soffice --headless --convert-to pdf chojambula.odg` inachimaliza popanda nkhani.

Zonse zitadziwika, kuzilumikiza kunali kwachidule. Inkscape yatsopano imalandira mafayilo ambiri pa lamulo limodzi, monga `inkscape --export-type=pdf --export-area-drawing *.svg`, ndipo zimenezi zimafulumira kuposa kuidzutsa ka 64, chifukwa nthawi yambiri imathera pa kudzuka kwakeko. Komabe ndinasankha Makefile, fayilo ya malangizo imene pulogalamu ya `make` imatsatira, kuti chojambula chokhacho chimene ndasintha ndicho chipangidwenso:

```
%.pdf: %.svg
	inkscape $< --export-type=pdf --export-area-drawing --export-filename=$@
```

Mzere wachiwiriwo uyenera kuyamba ndi tab, osati mipata wamba, ndipo mayina a mafayilo asakhale ndi mipata chifukwa `make` sagwirizana nayo. Pamapeto pake ndinawonjezera kalamulo koyendera ma PDF onse n'kuwerenga zithunzi za timadontho zimene zili mu iliyonse:

`for f in *.pdf; do echo "$f $(pdfimages -list "$f" | tail -n +3 | wc -l)"; done`

Mbali ya `tail -n +3` imadumpha mizere iwiri ya mitu, choncho fayilo ya vector yokhayokha imaonetsa 0. Nditakayendetsa koyamba, mafayilo 63 anaonetsa 0, koma `chojambula-37.pdf` inaonetsa 2. Ndinaitsegula, ndinaikulitsa, ndipo sindinaone chachilendo chilichonse. Kenaka `grep -n "filter" chojambula-37.svg` inandilozera pa kabokosi kamodzi kamene ndinakakopa m'chojambula china chakale, kali ndi mthunzi wofewa umene unabisika kuseri kwa bokosi lalikulu loyera, ndipo manambala awiriwo anali chithunzi cha mthunziwo ndi chigoba chake chonena pamene ukuonekera mkati. Ndinafufuta mthunziwo mu SVG, ndinalemba `make`, ndipo chojambula chimodzi chokhacho chinapangidwanso n'kuonetsa 0 ngati anzake.